Sabata Yachitatu ya Alembi Athu

Taganizirani m'mawa wa Lolemba wamba pasukulu ya sekondale. Belu loyamba silinalire. Ana akulowa pageti mothamanga, ena akumanga tayi ali m'njira, wina akumalizitsa homuweki atatsamiza kope pamsana pa mnzake. Pafupi ndi ofesi ya ahedi pali kachipinda ka zenera limodzi. M'menemo muli tebulo, kompyuta, kabati yachitsulo yokiya, thireyi ya mapepala, ndi makina osindikizira aakulu ngati filiji yogonekedwa. Pakhomo pandanda aphunzitsi anayi, aliyense pepala lili m'manja, aliyense akuti lake ndi lachangu. Pampando pakhala mayi wamfupi, wa magalasi a chingwe m'khosi, akuwongola mapepala powagogoda patebulo. Sanadzutse mutu.

"Changu chinali dzulo," akutero mayiyo. "Lero ndi mzere."

Amenewo ndiwo Alembi athu. Dzina ali nalo, koma ndi anthu ochepa amene analigwiritsapo ntchito. Ana amati Anti a mu Ofesi, ife aphunzitsi timati Alembi, ndipo ngakhale bambo akunyumba kwawo, mmisiri wa matabwa wosalankhulalankhula, akabwera kudzawatenga amafunsa kuti, "Alembi aweruka?"

Ntchito yawo ndi iyi. Ife timalemba mafunso a mayeso pamanja, iwo amataipa, kusindikiza, kumanga mapepalawo ndi kuwatsekera m'kabati mpaka tsiku la mayeso. Makalata a ahedi ndi zidziwitso zopita kwa makolo, zonse zimadutsa m'thireyi yawo. Ine ndimaphunzitsa jogalafe, ndipo ndine amene ndimakonza ndandanda ya maphunziro, choncho ndimalowa m'kachipindako kawirikawiri kuposa anzanga. Ndaona zinthu zitatu zimene Alembi amatha, zimene wina aliyense pasukulupo sangathe.

Choyamba, amawerenga zolemba za aliyense. Tili ndi mphunzitsi wa sayansi, timangowatcha a Sayansi, amene akalemba mumaganiza kuti nyerere inagwa mu inki n'kuyenda papepala italedzera. Ana amakopera zapabolodi mojambula, n'kukafunsana kunja. Alembi amangopendeketsa pepalalo pang'ono, n'kuyamba kutaipa osaima. Chachiwiri, amakonza zolakwa zathu mwakachetechete. Ukadumpha funso lachisanu, kapena malikisi ako akapanda kukwana zana, pepala limatuluka lolongosoka, iwe n'kumadziona ngati katswiri. Chachitatu, ndi okhawo amene amamvana ndi makina osindikizira aja. Makinawo tinawatcha Apongozi, chifukwa safuna kuwafikira mwaphuma. Ukangowagwira molakwika amatafuna pepala, amayatsa kagetsi kofiira, n'kukhala chete tsiku lonse.

Chaka chathachi, kumapeto kwa teremu yoyamba, Alembi anandiitana n'kutseka chitseko, chinthu chimene sachita nthawi ya ntchito.

"Madamu, inu mumadziwa kusuntha zinthu pandandanda. Teremu ikubwerayi, Lachinayi limodzi pa masabata atatu alionse sindizipezeka. Kasanu ndi kamodzi. Mundipezere poika."

"Mwayamba bizinesi?"

"Ndayamba khansa. Ya bere. Patchuthi achotsa chotupacho, kenako ndizikalandira mankhwala a diripu." Ananena ngati akuwerenga chidziwitso cha tsiku lotsekera sukulu. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Musalirire pamapepalapo. Apongozi sadya zonyowa."

Ndinalira ndithu, koma ndinasuntha kaye.

Opaleshoni inayenda bwino. Teremu yachiwiri itayamba, nkhani inafika ku sitafu, ndipo tinachita zimene aphunzitsi amachita akadzidzimuka: tinaitanitsa msonkhano n'kusankha komiti. Tinagwirizana mfundo ziwiri. Yoyamba inali yoti tiziwayendera Alembi kunyumba. Anandipempha ine kukonza ndandanda yake, ndipo ndinaikonza ndi mtima wonse: aphunzitsi makumi awiri ndi anayi, awiriawiri, mphindi makumi anayi ulendo uliwonse, Loweruka mapiriyodi awiri ogundizana. Ndinaikanso kaundula wosainira pakhomo. Sindikunyadira, ndikungonena zimene zinachitika.

Anthu anaimvera ndandandayo kuposa mmene amamverera ya m'kalasi. Masiku amene Alembi ankafuna kungofunda kumutu n'kumadana ndi dziko lonse, ankadzuka, kumanga duku, n'kukhala pampando kumvetsera aphunzitsi a mbiri akufotokoza za azakhali awo amene anadwala zofananazo. Nkhaniyo ankaidula mwadzidzidzi akakumbukira mmene inathera. Aliyense ankabwera ndi nthochi, chifukwa winawake ananena pamsonkhano kuti nthochi sizichititsa nseru. Bambo akunyumba anakhoma benchi ya alendo, kenako shelufu ya nthochi. Ana a maneba ananenepa.

Mfundo yachiwiri ndiyo inali yoopsa. Tinagwirizana kuti pasapezeke munthu wopatsa Alembi ntchito. Aliyense azidzitaipira yekha pakompyuta ya ku sitafu. Tinaomba m'manja, tikudziona ngati angelo.

Mayeso a pakati pa teremu anatiulula. Pepala la masamu linali ndi malikisi zana limodzi ndi khumi ndi atatu. Langa la jogalafe linali ndi funso loti "Yang'anani mapu ali m'munsiwa," koma m'munsimo muli mbee. Mtsikana wina wa Fomu 2 anajambula mapu akeake, anaika mitsinje ndi mapiri pamene ankafuna, n'kuyankha mafunso onse molondola malinga ndi mapu akewo. Ndinamupatsa malikisi onse, ndikanatani? Apongozi anatafuna theka la mapepala a Fomu 3. A Sayansi, amene anataipa pepala lawo ndi chala chimodzi kuyambira Loweruka mpaka Lamlungu, anasindikiza mafunso kutsogolo, mayankho kuseri. Kalasi yonse inakhoza. Ana anatumiza nthumwi kwa ahedi kukathokoza, ndi kupempha kuti dongosolo latsopanoli lisasinthe.

Alembi ankabwera kuntchito masiku amene thupi lawalola. Tsitsi linali litathothoka, ndipo ankamanga maduku owala, tsiku lililonse lina. Ankapeza thireyi yopanda kanthu, pakhomo popanda mzere. Anthu amene zaka zonsezi ankakangana nawo tsopano ankawapatsa moni wonong'ona, mutu utapendekera kumbali. Zolakwa za mayeso aja tinawabisira ngati ana amene aswa mbale.

Lachiwiri lina masana ndinamva Apongozi akulira kwa nthawi yaitali. Ndinadabwa, poti panalibe chosindikiza. Nditalowa ndinapeza makinawo akulavula mapepala oyera, opanda chilembo n'chimodzi chomwe, Alembi akuwatola n'kuwabwezeranso m'kati. Magalasi anali akulendewera pachifuwa, nkhope yonse yonyowa.

"Phokosoli limathandiza," anatero. "Kunyumba sindingalire, bambo amayamba kukhoma zinthu. Kuno makoma ndi opyapyala."

Ndinakhala pabokosi la mapepala. "Mukumva kuwawa?"

"Kuwawa kulipo, koma kumeneko kuli ndi mapiritsi ake. Madamu, tandiuzani zoona. Madokotala akuuzani chiyani chimene sanandiuze ine?"

"Palibe! Bwanji?"

"Nanga n'chifukwa chiyani mwandiika m'manda ndikupuma? Thireyi iyi sinaumepo chiyambire. Ndikakhala pano wopanda chochita, mutu umangowerenga masiku. Ndimaona mwana wanga akukwatiwa ine kulibe. Ndimaona bambo akupsereza mpunga okhaokha. Ndikamataipa sindiganiza zimenezo, ndimaganiza zoti a Sayansi akufuna kunena chiyani. Mwandilanda mankhwala anga enieni, n'kundipatsa nthochi."

Ndinayesa kufotokoza kuti tinkafuna apume.

"Ndipuma, inde. Koma wodziwa tsiku lopuma ndine, si komiti."

Ndisanapeze mpata wouza anzanga, ahedi anachita zawo. Ahedi athu ndi bambo wa mtima wabwino, koma wosachedwa kuda nkhawa. Mayeso a pakati pa teremu anawaopsa, ndipo a kumapeto kwa teremu anali pafupi: mapepala makumi anayi ndi atatu, a ana mazana asanu ndi limodzi. Analemba pamanja kalata yopita kwa eni sukulu, yopempha kuti atumize mlembi wina, Alembi akapume kunyumba mpaka atachira. Tonse timadziwa kuti mpando ngati umenewo wina akaukhalira, subwerera kawirikawiri. Atamaliza kulemba, ahedi anachita zimene dzanja lawo linazolowera zaka zonsezi. Anadutsa m'kachipinda kaja, n'kuponya kalatayo m'thireyi, akuganiza zina.

Inali ntchito yoyamba kugwa m'thireyimo pa masabata ambiri. Alembi anaitaipa.

Ndinali mu ofesi ya ahedi tikukambirana za oyang'anira mayeso pamene anagogoda. Anaika kalatayo patebulo, yoyera bwino, cholembera pambali pake.

"Bwana, kalata yanu. Ndime yachiwiri inali yaitali, ndaidula pawiri. Pamene munati ndagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndakonza, ndi khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Musaine apa."

Ahedi anayang'ana kalatayo, anayang'ana ine, kenako anayang'ana zenera ngati akuyeza ngati angakwanepo.

"Alembi... mayi... sichinali cholinga changa kuti..."

"Kuti ndiione? Nanga akanataipa ndani, a Sayansi?"

Alembi analoza pamwamba pa kalatayo.

"Deti sindinaike," anapitiriza, "ndipo chifukwa chake nachi. Diripu yachinayi ndi Lachinayi likubwerali. Yachisanu ndi masabata atatu kutsogolo, ndipo mayeso akuyamba Lolemba lotsatira. Mundipatse masabata atatu amenewo. Lachitatu lomaliza, folo koloko, mapepala onse makumi anayi ndi atatu akapanda kukhala m'kabati, deti ndidzalemba ndekha, envulopu ndidzamata ndekha."

"Koma thupi lanu, mayi..."

"Thupi langa lili ndi ndandanda yake, bwana. Kungoti palibe anandifunsa."

Ndandanda imeneyo anaiphunzira kuchipatala. M'chipinda cholandirira diripu muli mipando isanu ndi itatu, ndipo amayi amene ankakumana m'menemo Lachinayi lomwelomwelo anazolowerana mpaka kudzitcha kalasi. Anali ndi monitala wawo, mayi wogulitsa tomato mumsika, amene matendawa anali atamubwerera kachiwiri ndipo sankaopa nesi kapena dokotala. Ankafananitsa mitu kuti wosalala kwambiri ndani, ankagawana maswiti a ndimu ochotsa kukoma kwa chitsulo m'kamwa, ndipo wina akayamba kulira ankamusiya alire mphindi zisanu asanayambe kumuseka. Tsiku loyamba Alembi anafika atanyamula fayilo ya mafunso otaipa bwino ofunsa adokotala. Monitalayo anangoti:

"Asisi, tsekani chibukucho mumvetsere. Sabata yoyamba ndi ya mankhwala, musalimbane nayo, gonani. Yachiwiri ndi ya magazi, m'thupi mumakhala mulibe asilikali, thawani wachimfine aliyense ngakhale akhale abusa. Yachitatu ndi yanu. Ine tomato ndimapikula sabata yachitatu. Mukaiwononga polandira alendo, musadzandidandaulire."

Titatuluka mu ofesi ya ahedi tinakhala pansi awiri, ine ndi rula yanga, Alembi akulamula. Sabata yoyamba: Alembi kunyumba, alendo ayi, ndipo mphunzitsi aliyense amalize kulemba mafunso ake n'kuwapereka kwa ine pofika Lachitatu. Sabata yachiwiri: kutaipa, maola atatu patsiku, chitseko chokiya, zonse zizidutsa pazenera. Sabata yachitatu: kusindikiza ndi kumanga. Ndandanda yanga ya zoyendera ndinaing'amba ndekha. M'malo mwake Alembi analemba zimene ankafunadi, ndipo zinali zazing'ono moti tinachita manyazi. Wa galimoto aziwatenga m'mawa kuti asamakwere basi yodzaza. Wina azikakhala nawo kuchipatala Lachinayi, koma akhale wodziwa kutseka pakamwa. Wina akaphunzitse bambo akunyumba kuphika chinthu china chosakhala mazira. Pansi pake analemba ndi zilembo zazikulu: NTHOCHI ZAKWANA.

Ndinakawerenga zonsezi ku sitafu, za kalata ija zomwe. Woyamba kulankhula anali a Sayansi.

"Lachitatu? Ine mafunso amandibwerera mayeso akatsala masiku awiri."

"Ndiye muwauze abwere msanga, achimwene," anatero madamu a zophikaphika. "Mukachedwa inu, deti ilembedwa. Ndipo ine ndidzakulembani deti pamphumi."

Madamu omwewo ndiwo anapita kukaphunzitsa bambo akunyumba Loweruka. Anabwerako akunena kuti sanaonepo wophunzira womvetsera chonchija. Bamboyo analemba maphikidwe onse pathabwa ndi pensulo yake ya ntchito, n'kukhoma thabwalo pakhoma la khitchini ndi misomali inayi. Anyezi ankadula mofanana ngati wayeza ndi tepi.

Chiyambire ntchito, sindinaonepo aphunzitsi onse akupereka mafunso pa nthawi yake. Lachitatu limenelo ndinaona. A Sayansi anafika mothamanga patatsala mphindi zisanu, malaya atatuluka m'buluku, inki isanaume.

Sabata yachiwiri pachitseko panamatidwa chidziwitso: WACHIMFINE AIMIRE PATALI. Ana anachitenga mwamphamvu. Ankadutsa pakhondepo monyang'ama, atagwira pakamwa, ndipo ahedi atayetsemula pafupi ndi zenera, atsikana a Fomu 4 anawaperekeza mwaulemu mpaka pansi pa mtengo. M'katimo mabatani a kompyuta ankalira ngati mvula padenga la malata. Mzere unabwerera, pazenera tsopano, mikangano yomwe. Tsiku lina ndinamva Alembi akukalipira aphunzitsi a masamu kuti malikisi awo sakukwananso, ndipo bamboyo anafika ku sitafu akumwetulira ngati wapatsidwa mphatso.

"Andizazira!" anatero. "Anzanga, ali bwino!"

Pofika Lachiwiri anali atataipa mapepala makumi atatu. Lachitatu mvula ija inayamba kudukiza. Lachinayi, tsiku loyamba la sabata yawo yachitatu, limene tinayenera kuyamba kusindikiza, ndinapeza patsala mapepala khumi ndi limodzi, Alembi akulimbana ndi kutola pepala limodzi patebulo. Zala zinkaterereka pamwamba pake. Analikankhira kumphepete ndi chikhatho, n'kulinyamula ndi manja awiri.

"Zayamba liti?" ndinafunsa.

"Lolemba. Dzanzi. Ngati ndavala magolovesi a munthu wina. Adokotala anandichenjeza kuti mankhwalawa amatero. Ndawaimbira, akuti adzaona zochita ndikapita." Anayang'ana zala zawozo ngati antchito amene anyanyala. "Zaka zonsezi sindinayang'anepo mabatani. Lero ndikuyang'ana, koma ndikuphonyabe. Musauze ahedi."

"Ahedi sindiwauza. Koma anzanga ndiwauza."

"Ayi! Ntchitoyi ndi yanga."

"Ndi yanu, inde. Ife tinayesa patokha, munamva zimene zinachitika."

"Ndinamva. Mtsikana wa mapu uja anadzandionetsa pepala lake."

"Ndiye mukudziwa kuti popanda inu sitingathe. Lero inunso popanda ife simungathe. Zangofanana."

Ndinadziwa chimene chinkavuta. Munthu amene wakhala akukonza zolakwa za anthu makumi awiri ndi anayi osapempha kanthu, kutsegula pakamwa kuti "ndithandizeni" kumamuwawa kuposa singano ya diripu. Pomaliza anasuntha mpando wawo kuchoka pakompyuta, pang'onopang'ono, n'kuloza malowo ndi chibwano.

"Khalani. Sambani m'manja kaye. Maso ndi anga, zala ndi zanu. Ndipo muwongole msanawo, mwakhala ngati thumba."

Tinagwira choncho. Ndinasuntha mapiriyodi kuti nthawi zonse pakhale mphunzitsi mmodzi womasuka, wopanda chimfine. Alembi ankawerenga mokweza, ife tikutaipa, iwo akutiyang'anira ngati ana a Fomu 1.

"Chala chimodzi basi? Mulungu anakupatsani khumi, zinazo mukusungira ndani?"

Pa mapepala otsalawo, anayi anali a a Sayansi. Lachisanu masana, ataona kuti Alembi atopa, mwiniwake anadzipereka kuti awerenge yekha, aphunzitsi a masamu azitaipa. Mzere woyamba anauwerenga bwino. Wachiwiri anauwoloka movutikira. Pa funso lachitatu anaima. Anapendeketsa pepalalo, anavula magalasi, anavalanso, anapita nalo pazenera.

"Apa ndinalemba chiyani?"

"Mukufunsa ine?" anatero a masamu.

Alembi anali atatsamira khoma, maso otseka. Anangotambasula dzanja. Anayang'ana pepalalo kamodzi.

"Fotokozani mmene mtima umapopera magazi. Malikisi asanu ndi limodzi."

"Funso labwino," anatero a Sayansi modabwa. "Ndinalemba ine?"

Kutaipa kunatha Loweruka masana, titachedwa masiku atatu. Lolemba tinayamba kusindikiza. Alembi anakhala pampando pafupi ndi Apongozi, akutiphunzitsa ulemu wake: yambani mwawapukuta, mapepala muwaulutse kaye ngati makhadi kuti asamatirirane, musaike ambiri nthawi imodzi, ndipo musawanene iwo akumva. Chitseko chinali chotsegula tsopano, ndipo ahedi atadutsa anaona zonse: aphunzitsi atatu akusanja mapepala pansi, Alembi akulamula manja ali pamiyendo. Anaima pakhomo kanthawi, akuyang'ana manjawo. Kenako anavula jekete n'kuikoleka pachitseko.

"Ndipatseni ntchito."

"Sitepula iyo, bwana. Pakona, osati pakati."

Lachiwiri mphamvu zinawathera Alembi. Tinalumikiza mipando itatu, madamu a zophikaphika anawafunditsa juzi, ndipo anagona pomwepo ola lathunthu. Tinayamba kunong'ona. Anatsegula diso limodzi.

"Mukanong'ona ndimadzuka kuti ndimve ngati mukunena za ine. Kanganani."

Tinakangana za amene anasokoneza masamba a Fomu 3, ndipo anagona tulo tabwino.

Lachitatu, hafu pasiti filii, Apongozi analavula tsamba lomaliza. Tinayamba kulowetsa mitolo m'kabati, Alembi akutchula, ine ndikuchonga pandandanda. Makumi anayi, makumi anayi ndi umodzi, makumi anayi ndi iwiri. Basi. Tinawerenganso. Makumi anayi ndi iwiri. Wosowa unali wa jogalafe ya Fomu 1, wanga. Tinatsegula mabokosi, tinasuzumira pansi pa tebulo, a Sayansi anathamangira ku sitafu, a masamu anayamba kufukula m'bini. Wotchi ya pakhoma inkayenda ngati yalipidwa. Ahedi anakhala pakona, nkhope yagwa, akungobwereza kuti, "Folo koloko si lamulo, mayi, tikhoza kukambirana."

Alembi sanafune kukambirana. Anavala magalasi, anayang'ana chipinda chonse pang'onopang'ono, kuyambira pachitseko mpaka pakona.

"Bwana, m'chipinda muno muli mipando ingati?"

"Itatu."

"Umodzi ndakhalira ine, iwiri ili ndi mabokosi. Inu mwakhalira chiyani?"

Ahedi anaimirira. Jogalafe ya Fomu 1 inali pansi pawo, mapepala zana ndi makumi asanu, ofunda bwino.

Kabati inatsekedwa patatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti ikwane folo koloko. Kiyi anakana kutembenuka m'zala zadzanzi zija, ndipo Alembi anangoti, "Madamu, tandipotozereni," osachita manyazi, ngati munthu wopempha mchere patebulo. Ahedi anapita ku ofesi kwawo, n'kubwera ndi kalata ija. Anaigwira pakati ndi manja awiri kuti aing'ambe pamaso pa tonse.

"Musang'ambe!" anakuwa Alembi. "Kuseri kwake n'koyera."

Kuseri kwakeko tinasindikizako ndandanda ya oyang'anira mayeso. Inakhala pabolodi la ku sitafu masabata awiri, ndipo sindikukayika kuti aliyense anaitembenuza pamene anzake kunalibe.

M'mawa mwake inali diripu yachisanu, ndipo wokakhala nawo ndinali ine. Monitala wa tomato uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Asisi, awa ndi a komiti aja?"

"Ndi amenewa," anatero Alembi. "Koma akuphunzira."

Ndinakhala chete maola atatu, chinthu chovuta kwa mphunzitsi. Pakati pake Alembi anandigwira dzanja mwamphamvu. Mantha sanathe chifukwa choti mapepala alowa m'kabati. Anangopeza anthu owagwirira mbali ina.

Diripu yomaliza analandira patchuthi. Dzanzi latsala m'zala ziwiri, tsitsi lamera lofewa ndi la imvi, ndipo miyezi itatu iliyonse amapita kukayezedwa. Sabata yoyezedwayo sachedwa kupsa mtima, ndipo timadziwa kuti si chifukwa cha ife. Madokotala sananene kuti zatha, iwonso sanena.

Teremu imeneyo ana mazana asanu ndi limodzi analemba mayeso makumi anayi ndi atatu, pepala lililonse pa tsiku lake ndi ola lake, popanda tsamba losowa kapena funso lodumphidwa. Alembi akadali pampando wawo, ndipo chino ndi chaka chawo cha khumi ndi chisanu ndi chitatu.